Phokoso la Fani M'nyimbo ya Sisiliya

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza imvi zitayamba kale kutuluka. Moyo wanga wonse ndinali munthu wa khasu, kulima mbatatesi ndi nsawawa kumudzi kwathu kufupi ndi Bembeke. Bambo akunyumba atatisiya, munda unandikulira. Tsiku lina titatha mapemphero a mphakati, mayi mnzanga anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwana wa mchimwene wake, a Sitefano, watsegula situdiyo yojambulira nyimbo pa Dedza boma, ndipo akufuna munthu wachikulire woti azisesa ndi kusamala pamalopo. Ndinati, "Ine wolekezera ku pulayimale, za makina ndizidziwira kuti?" Iye anati, "Tsache mumalidziwa? Basi, pitani."

Situdiyoyo chinali chipinda chimodzi. M'makoma anamatamo matileyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Pakati panali mamaikolofoni, pakona tebulo, ndipo pansi pa tebulopo bokosi lakuda la kompyuta. Amene ankabwera kwambiri anali makwaya a m'matchalitchi. A Sitefano anali mnyamata wa msinkhu wa ana anga, waulemu, koma pa nkhani ya mawu analibe chibale. Ine ndinkawatchula abwana, iwo ankanditchula mayi.

Anandiphunzitsa malamulo. Nsanza yonyowa isayandikire bokosi. Loweruka ndizime kompyuta, ndizule chingwe cha magetsi, nditulutse bokosi pakhonde, ndimasule chitseko cha m'mbali, ndikhudze kaye chitsulo cha bokosilo ndisanagwire kanthu m'kati, kenako ndipemerere fumbi ndi bulowa. Popemerera ndizigwira fani ndi chala kuti isazungulire yokha. Anandionetsanso kachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi. "Iyi ndi purosesa, mayi. Ndiyo imaganiza. Ikamaganiza imatentha, ndipo ikatentha kwambiri imakomoka." Pamwamba pake pankakhala chitsulo cholemera cha timasamba topyapyala tambirimbiri, ndi fani yopemerera timasambato. Chimenecho ndicho chinali choziziritsira cha mphepo.

Vuto linali fani imeneyo. Ntchito ikakula inkalira, ndipo maikolofoni sasankha, amatola zonse. Bambo wina atamvera nyimbo za kwaya yawo anafunsa kuti, "Kodi achimwene, munatijambulira kuchigayo?" A Sitefano anaseka nawo, koma ndinaona kuti zawalasa.

Kuyambira pamenepo ankangoyankhula za kusintha. Ine ndikusesa, iwo akudziyankhulira. "Mayi, cha mphepochi n'cholimba. Chomwe chingafe ndi fani yokha, ndipo fani ndingaipeze paliponse. Koma n'cholongolola. Cha madzi n'chofatsa, koma chili ndi pampu, ndipo pampu ikafa ndiye kuti chonse chafa."

Ndinati, "Abwana, ine munandiletsa nsanza yonyowa, lero inu mukufuna kuthira madzi m'kati? Dedza wozizira chonchi, kompyuta ikufunanso kusamba?"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati madzi ake ndi otsekeredwa m'mapaipi, satuluka.

Anasankha cha madzi. Chinabwera ndi kamutu kokhala ndi pampu kogona pa purosesa, mapaipi awiri akuda, ndi redieta yonga ya galimoto koma yaing'ono, yokhala ndi mafani ozungulira mwaulesi. Zoona, m'chipinda munakhala bata loti n'kumva munthu akumeza malovu. Makwaya anayamba kuchokera ku Mayani ndi kutali kwina. Ine ndinapatsidwa ntchito ina: m'mawa ndikayatsa kompyuta, ndizigwira paipi ndi zala kuti ndimve ngati pampu ikunjenjemera. Kunali ngati kugwira mtsempha pamkono wa mwana wogona. Fani yakale ija anaiponya m'dirowa. Chitsulo chake cholemeracho tinkatsekereza nacho chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Tsopano ndinene za mwana wanga.

Sisiliya anali mzime wanga, mtsikana wosakwatiwa, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kwayayo inakonzekera kwa nthawi yaitali kudzajambula kwa a Sitefano, ndipo tsiku analisankha m'mwezi wa Okutobala. Koma chaka chimenecho Sisiliya anayamba kuonda. Tinayenda m'zipatala mpaka ku Lilongwe. Kumeneko adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza kuti ndi khansa, ndipo yafalikira. Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu. Anati, "Kamusamalireni kunyumba, mayi."

Pobwerera, minibasi itaima pa Chimbiya, anthu akukankhira tomato ndi anyezi m'mawindo, Sisiliya anatsamira paphewa langa. "Amayi, musauze munthu. Anthu angodziwa kuti ndikudwala, basi. Akadziwa zonse ayamba kundiyang'ana ngati maliro oyenda. Ndiyimbe kaye." Ndinamulonjeza.

Tsiku lojambula linafika. Kunatentha kuyambira m'mawa. Ndinasesa, ndinayatsa kompyuta, ndinagwira paipi. Zii. Ndinagwira inayo. Zii, koma kufupi ndi kamutu kunali kotentha ngati chigwiriro cha ketulo. Ndinaitana a Sitefano. Anayang'ana manambala pa sikirini, nkhope inagwa. Posapita nthawi kompyuta inazima yokha. Anayatsanso, inazimanso. Pampu inali itafa.

Nthawi yomweyo lole ya kwaya inaima panja, anthu akuyimba, atavala yunifolomu. Sisiliya anamukhazika kutsogolo ndi adalaivala. Diresi lake tinali titalipinda ndi mapini kumbuyo kuti lisaoneke kukula.

A Sitefano anaimba mafoni ku Lilongwe. Cha madzi chokwana pa kompyuta yawo kunalibe, anati mpaka achiitanitse kunja, mwina chifike kumapeto kwa mwezi wamawa. Anatuluka n'kukayankhula ndi a Dzonzi, aphunzitsi a kwaya.

"Bambo, tisinthe tsiku. Cha mphepo chilipo, koma ndikachibwezera nyimbo zanu zituluka ndi phokoso. Mudzandinyoza, ndipo mudzakhala mukunena zoona."

A Dzonzi anavula chipewa n'kudzikanda. "Ndiye tabwera kudzaona phiri? Mapiri kwathu aliko." Anthu anaseka mosakondwa. Kenako anati, "Chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi si chaka."

Mwezi si chaka. Kwa iwo zinali zoona. Ndinayang'ana Sisiliya, atakhala pa benchi m'mthunzi. Iyenso anali akundiyang'ana. Anapukusa mutu pang'ono chabe, kundikumbutsa lonjezo lija. Ena anayamba kale kukwera lole.

Ndinalowa m'kati. Ndinagwira kolona m'thumba n'kunena mumtima kuti, Mayi Maria, inu mukudziwa kukhala mayi wa mwana amene akupita, ndithandizeni. Sindinamve mawu aliwonse. Ndinangoona chitsulo chija pansi, chitatsekereza chitseko, chili ndi fumbi. Ndinachitola, ndinachipukuta ndi chitenje, n'kukachiika patebulo pamaso pa a Sitefano, amene anali atalowa kudzatseka mawindo.

"Mwana wanga," ndinatero. Aka kanali koyamba kusawatchula abwana. "Sisiliya sangadikire mwezi wamawa."

Sindinaonjezere. Iwo anayang'ana ine, anayang'ana pawindo kumene kunali mwanayo. Sanandifunse kanthu.

"Mayi, tengani fani m'dirowa. Mubweretsenso thonje ndi sipiriti."

Anagoneka bokosi patebulo. Anamasula kamutu ka pampu, anachotsa redieta ndi mapaipi ake. Anandipatsa thonje lonyowa ndi sipiriti kuti ndipukute mankhwala akale otuwa, othandiza kupititsa kutentha ku choziziritsira, pa purosesa mpaka iwale, pamene iwo ankafunafuna tizitsulo tomangira m'kapepala kawo. Anadontheza mankhwala atsopano pakati, kadontho ngati kambewu ka nsawawa. Ndinapemerera timasamba tija ndi bulowa, iwo n'kukhazika chitsulocho, kumanga masikuluwu mopingasa, ili pang'ono, la kutsidya pang'ono, kuti chikhale molingana. Anakoleka fani, analumikiza kawaya kake, anayatsa. Fuuu! Chigayo chinabwerera. Manambala pa sikirini anatsika.

Anatuluka pakhonde n'kukuwa kuti, "Tsikani, tsikani! Ndasintha maganizo. Mafuta a lole mwawononga kale."

A Dzonzi anati, "Nanga maso a nkhono aja?"

"Nkhono yapita kutchuthi lero, bambo. Lowani."

Bokosi analikokera kuchitseko mpaka pamene zingwe zinalekezera. Kulifunditsa sikukanatheka, chifukwa cha mphepo chimafuna kupuma. Panafunika munthu woti agwire bulangeti lochindikala ngati khoma pakati pa bokosi ndi mamaikolofoni. Ndinati ndigwira ine. Ndinaima kuseri kwa bulangetilo, mikono m'mwamba, mpweya wotentha wa fani ukundiomba m'miyendo.

Ndiye kuti mwana wanga sindinamuone akuyimba. Ndinangomumva. Pa nyimbo ya kwa Mayi Maria panali ndime yake yekha. Ndinamva akukoka mpweya, kenako mawu aja anatuluka, oonda koma oyera, ngati madzi a pakasupe m'nyengo ya chilimwe. Mpweya unkamuthera pakati. A Sitefano, munthu amene ankabwezetsa kwaya yonse chifukwa cha munthu mmodzi wotsokomola, ankangoti, "Zili bwino kwambiri, achemwali. Khalani pansi kaye, makinawa apume." Makina sanali kufuna kupuma. Mapewa anga anayaka moto, koma nyimbo ikayamba sindinkatsitsa mikono. Misozi inkatsikira m'khosi, ndipo ndinalibe dzanja lopukutira. Ndimathokoza bulangeti limenelo, chifukwa palibe amene anaona.

Madzulo ake ndikumusambitsa mapazi, Sisiliya anati, "Amayi, mwawauza."

Ndinati, "Ndangowauza kuti sungadikire."

Anayang'ana manja anga ali m'madzimo. Kenako anati, "Bulangeti munagwira bwino. Koma zala zanu zimaoneka pamwamba, zikunjenjemera. Ndimayimbira zimenezo."

Anatisiya mvula yoyamba itangogwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Kwaya yake inamuperekeza ndi nyimbo zomwe zija, koma pa ndime yake palibe amene analowa. Anangoisiya, ng'oma yokha ikulira. Choziziritsira cha madzi chatsopano chinafika titaika kale maliro.

Nditabwerera kuntchito, a Sitefano anandikhazika pampando wawo n'kundiveka mahedifoni. Anati ayesa kuchotsa phokoso la fani m'nyimbo ija. "Lambiri ndachotsa, mayi. Koma ndikachotsa lonse, mawu ake akuchepa, akumveka ngati ali m'chitini. Mverani zonse ziwiri, musankhe inu." Ndinamvera. Mu yoyera ija munali bata, koma mwanayo sanali wanga. Mu inayo munali kaphokoso kaja pansi pansi, ndipo pamwamba pake Sisiliya yense, ndi kupuma kwake komwe. Ndinati, "Musiye chigayocho."

Ndikugwirabe ntchito pomwepo, ndipo Mulungu awadalitse a Sitefano. Kompyuta anaibwezera cha madzi, ndipo anachita bwino, chifukwa situdiyo imafuna bata. M'mawa uliwonse ndimagwirabe paipi kuti ndimve kunjenjemera. Koma chitsulo chija sichitsekerezanso chitseko. Tinapezapo mwala. Icho chimakhala m'katoni pashelefu, pamodzi ndi fani yake, tizitsulo take ndi mankhwala otuwa aja, ndipo Loweruka ndimachipemerera fumbi ngati chili pantchito.

Anyamata amene akufuna kutsegula masitudiyo awo amabwera kudzafunsa kuti chabwino n'chiti, cha madzi kapena cha mphepo. A Sitefano amawafotokozera za phokoso, za pampu, za fumbi, za kutalika kwa ulendo umene chatsopano chimayenda chakale chikafa. Akamaliza amaloza katoni ija n'kunena kuti, "Musankhe chimene mukufuna, koma ichi musataye." Ine ndimangopitiriza kusesa. Zimene ndinaphunzira ine n'zakuti munthu akafika pakhomo kudzayimba lero, sudziwa ngati ali ndi mwezi wamawa.

Nyimbo ija ili mufoni mwanga. Alendo akabwera kunyumba ndimawaikira. Ena amakutu akuthwa amati, "Mayi, koma pakumveka kaphokoso." Ine ndimati, "Eya, kalipo. Pakanapanda kameneko, bwenzi mukumva chete." Kenako ndimakweza pang'ono, chifukwa pansi pa kaphokosoko ndi pamene pamamveka Sisiliya akukoka mpweya.