Nyimbo inameza zikomo wa a Meja

Loweruka ndinali ku chinkhoswe ku Bangwe. Amene amakwatiwa anali mwana wa bambo Semba, anzanga akale, omwe anali msilikali koma pano amalondera fakitale ku Makata.

Ankhoswe atasinthana tambala ndi thadzi, bambo Semba anapempha maikolofoni. Mtsogoleri wa mwambo anawayang'ana ngati apempha impso yake.

"A Meja, chonde taimani anthu akuoneni," anatero.

Kumbuyo kwa tenti kunadzuka mkulu wa imvi, jekete yaikulu kuposa thupi, atatsamira ndodo. Anaima chilili.

"Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, tikulondera njanji, bambo awa..."

"Aaa madala, zimenezo mukanenere kunyumba, ife tivine!" anakuwa mayi wina. Anthu anaseka, woika nyimbo anatsegula zimkuzamawu, basi fumbi koboo. A Meja anaimabe kwakanthawi, kenako anakhala pansi. Pomwe zakudya zimafika n'kuti atanyamuka kukakwera minibasi ya ku Machinjiri.

Nkhani yonse ndinaimva kwa bambo Semba madzulo, tikusonkhanitsa mipando. Zigawenga zinazinga kuthengo gulu lawo la asilikali, lomwe ankalitsogolera a Meja, zipolopolo zili pafupi kutha, ndipo bambo Semba anali atawomberedwa pantchafu. Ena anati wovulala asiyidwe, adzamutenga pambuyo. A Meja anakana. Anagawa anyamata awo kuti azimunyamula mosinthana, iwo n'kutsalira kumbuyo kutchinga, mpaka onse anatuluka amoyo. Mkwatibwi uja anabadwa patatha chaka chichitikireni zimenezo.

"Mendulo ndilibe yoti ndiwapatse," anandiuza bambo Semba. "Ndimangofuna aone mwana amene sakanabadwa, anthu n'kuwaombera m'manja. Basi."

Mtima unandiwawa, ndipo mpaka pano ukundiwawa.

Abale anzanga, tinadwala chiyani ife? Wandale akafika mochedwa pamwambo timaimitsa nyimbo, timalanda agogo mpando, timamumvetsera ngakhale akubwereza bodza la chaka chatha. Koma munthu amene anatsogolera ana a eni pakati pa moto n'kuwabweza kwa amayi awo, kamphindi kokha kamatikulira.

Sindikunena kuti chinkhoswe chisanduke perete. Anthu anabwera kudzavina, n'zoona. Koma anthu oterewa tidzawamvera kuti? Ku tchalitchi nthawi ndi ya zolengeza, pa wailesi ndi ya mpira. Kwatsala kumanda kokha, komwe timadziwa kutamanda munthu mpaka thovu kukamwa, mwini wake ali gone m'bokosi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, nanga wakufa angayankhe kuti zikomo?

A Meja akudwaladwala masiku ano, ndipo bambo Semba alibenso mwana wina woti akwatiwe. Ndinawalangiza kuti angopita ku Machinjiri akawathokoze awiriwiri.

"Ndakhala ndikutero zaka zonsezi," anayankha. "Amangoti inali ntchito. Ine ndimafuna inuyo mumve."