Achimwene Sanali Chidakwa

Ndinadzuka kusanache, anthu ochezera pa maliro a achimwene anga a Layisoni akuimbabe chapansipansi. Panja amayi a mu lokesheni mwathu ku Glen Norah, m'dziko la Ashona, anali atasonkha kale moto. Kunkazizira kwambiri. Galimoto ya apolisi inali itaima pakona, pakuti nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ija khamu lililonse la anthu akuda ankalilondalonda.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, ena ochokera ku Mbare. Ndikugawa tiyi ndinkamva manong'onong'o akuti mowa ndiwo unawapha achimwene. Kufakitale ku Graniteside anawachotsa ntchito pa chifukwa chomwecho, atawaona akudzandira ndi kulankhula zosamveka. Mkulu wa mpingo naye analamula kuti kumanda mwambo ukhale waufupi, wopanda nyimbo.

Koma anawadwazika ndine. Achimwene ankamwa mapiritsi a kotizoni chifukwa cha impso. Dokotala anandiuza kuti mapiritsiwo anafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye tizilombo tonga chuku tinalowa mu ubongo. Mutu unkawapweteka mpaka kuluma bulangete, ngakhale kuwala kwa kandulo kunkawalasa m'maso. Mowa sanaulawepo.

Tinanyamuka masana pa lole ya sosaiti ya maliro, apolisi ali pambuyo pathu, mphepo ikutithira fumbi. Kumanda, mkulu wa mpingo atangomaliza pemphero, ndinapita kutsogolo. Amalume anandigwira mkono.

"Mwana wamkazi salankhula pano."

"Ndiye lankhulani inuyo, amalume. Nenani chimene chawapha."

Anayang'ana pansi, ine ndinalankhula. Ndinafotokoza za impso, za mapiritsi, za chuku mu ubongo, ndipo ndinabwereza m'Chishona kuti a kufakitale amve bwino. Kenaka ndinayambitsa nyimbo imene achimwene ankaikonda. Alamu anga, mkazi wa malemu, amene anali asanalankhule ndi munthu chichitikire malirowa, anaipolokezera. Amayi a mpingo anatsatira. Mkulu uja anangoima osaimba nawo, ndipo sitinaleke mpaka dzenje litadzaza.

Madzulo amalume anachoka osatsanzika. M'nyumba munali zii, mipando idakali panja. Tinatsala awiri pa mkeka, ine ndi alamu. Patapita nthawi anandigwira bondo.

"Tandiuzaninso mmene ananenera dokotala, pang'onopang'ono. Mawa akabwera opepesa, ndiwayankha ndekha."