Chichewa chathawa pakompyuta ya a Makwinja

Lachiwiri lapitali a Makwinja anandipeza ndikudikira minibasi ku Chitawira, laputopu ya mpingo ili m'khwapa mwawo. Awa ndi mkulu wa mpingo kwathu, amene amaonetsa nyimbo pakhoma Lamulungu. Chipumireni pantchito ya ukalipentala, udindo wawo ndi umenewu, ndipo amaunyadira kwabasi.

"Achimwene, taonani zandichitikirazi," anatero akuitsegula pompo. "Sabata yatha imalankhula Chichewa, pano yayamba Chizungu. Ndailakwira chiyani?"

Sanailakwire kanthu. Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito ndi yaulere, ya mtundu uja umene anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana amakonza mothandizana. Inali ndi vuto loima yokha nyimbo ili pakati, mpingo wonse n'kumangong'ung'udza kudikira vesi lachitatu. Okonzawo analithetsa vutolo, ndipo apo ndikuwaombera m'manja. Koma dzanja litazolowera, anasinthanso mawu a Chingerezi pamabatani kuti akome. Tsono mawu akasintha kumeneko, Chichewa chimene chinamangiriridwa ku mawu akalewo chimagwa, pamatsala Chingerezi chokhachokha.

Lamulungu a Makwinja anasokonezeka, anaika nyimbo ya maliro nthawi ya zopereka. Achinyamata anaseka. Loweruka likubwerali akulu a mpingo akumana kuti aone ngati ntchitoyi ingapatsidwe wina.

Mtima wanga unawawa, chifukwa Chichewa chagwacho ndife tinachiika. Zaka zija intaneti inali ya m'kafe, tinkakumana Loweruka masana m'kachipinda kotentha ku Limbe, ine, a Yusufu oyendetsa lole, ndi mayi Esinati, mphunzitsi wa ku Kanjedza. Tinkakangana zedi. Batani limodzi lokha, tilembe "Siyani" kapena "Lekani"? A Yusufu ankati, "Lembani mmene mungauzire amayi anu, osati mmene amalankhulira pawailesi." Magetsi akazima tinkatuluka kukagula chinangwa chokazinga, mkangano n'kupitirira panja.

Masiku amenewo kunali mwambo. Pulogalamu ikatsala pang'ono kutulutsidwa, okonza ankalengeza kuti mawu atsekedwa. Ankauzana kuti konzani zolakwika zonse zimene mungathe, koma mawu musakhudze, omasulira amalize ntchito. Vuto likakhala lalikulu moti silingatheke popanda kusintha chiganizo, ankayamba aodira kaye kwa omasulira. Munthu wa kutsidya la nyanja, woti sadziwa kumene kuli Blantyre, ankatipempha ife chilolezo. A Yusufu ankakhala ngati akwezedwa pantchito tsiku limenelo.

Nthawi zina tinkavomera msanga, poti palibe amafuna pulogalamu yosweka chifukwa chosunga mawu. Nthawi zina tinkati dikirani, izo n'zokometsera chabe, mudzasinthe ulendo wina. Ndipo ankadikiradi.

Lero zonse ndi changu. Mukagona, foni yadzikonza yokha, mukadzuka batani lasamuka. Inu odziwa Chingerezi mumangodandaula pang'ono n'kupitiriza. Nanga mayi wa ku Chilobwe amene anaphunzira movutikira kuti apa ndiye podina? Ndani amamuganizira?

Kagulu kathu nako kanatha. A Yusufu anatisiya, mayi Esinati ali ku Joni kwa ana. Achinyamata odziwa makompyuta adzaza m'tauni muno, koma ukawauza za kumasulira amakuyang'ana ngati wawapempha kukalima. Ndiye kaya okonzawo anaodira, kaya sanaodire, pakhomo panalibe woyankha.

Lachiwiri lomwelo ndinamasuliranso mabataniwo n'kutumiza kwa okonzawo. Anandiyankha mwaulemu kuti Chichewacho chidzalowa akadzatulutsanso pulogalamuyi, miyezi ikubwerayi. Ku pulogalamu yakale ija sitingabwerereko, poti abusa anatopa nako kuima kwa nyimbo. Ndinayesa kuwaphunzitsa a Makwinja mawu atsopanowo, koma akuti akaona Chizungu mutu umaima.

Nditawafotokozera za miyeziyo anatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Ngati mumalankhula nawo anthuwo, muwathokoze. Siikuimanso, anakonza bwino," anatero. "Koma muwauzenso kuti Loweruka sindidikira kuti andichotse. Ntchitoyi ndikaitula ndekha."