Nthabwala Imene Ndinanena pa Msonkhano wa Matabuleti

Matabuleti atafika pasukulu yathu ku Area 23, aphunzitsi aakulu anasankha ine kuti ndiziwayang'anira. Ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse, ndipo foni ya munthu ikavuta ankabwera nayo kwa ine. Chisanathe chaka ndinali nditayamba kuyenda m'sukulu za ku Kawale, Biwi ndi Kaliyeka kuphunzitsa aphunzitsi anzanga. Ndinagula jekete. Anzanga ankandiitana kuti "bwana wa matabuleti", ine n'kumakana pakamwa, koma mumtima zinkandikoma.

Pasukulupo panali mayi wina wachikulire wa kumpoto amene anayamba kuphunzitsa Sitandade 1 ine ndisanamalize pulayimale. Ndiwo anandilandira nditangochoka ku koleji. Tsiku langa loyamba ana anandisokosera mpaka mawu anandithera. Mayiwo analowa, n'kuwomba m'manja kawiri, kalasi yonse zii. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, osamakuwa. Mukakuwa inu, iwonso akuwa."

Koma tabuleti ankaiopa. Tsiku lophunzira anaigwira ndi manja awiri ngati beseni lodzaza madzi, ndipo itazima yokha anadzidzimuka n'kufuula kuti, "Mayo, ndaiwononga!" Anthu atabalalika, mayiwo anandipeza ndikutseka kabati.

"Aphunzitsi, pagulu paja mumathamanga kwambiri. Simungandiphunzitse pandekha? Ngakhale Loweruka, ndikaweruka ku kwaya ya amayi."

"Palibe vuto, Amayi. Sabata yamawa."

Anandikumbutsa katatu, ndipo katatu konse ndinali ndi kopita.

Kenako ndinaitanidwa ku msonkhano pahotela ina mumzinda, kumene akuluakulu a zamaphunziro ankakonza malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka matabuleti m'sukulu. Wotsogolera anafunsa kuti, "Inu amene muli m'makalasimo, chikuvuta n'chiyani kwenikweni?"

Ndikanatha kunena za magetsi ozimazima, kapena za ana okhala pansi mothithikana moti mphunzitsi amasowa poponda. Koma ndinkafuna kuti akuluakuluwo andikumbukire. Ndinaimirira, ndinanyamula tabuleti yanga ndi manja awiri ndikunjenjemera dala, n'kufuula moyerekeza kalankhulidwe ka kumpoto: "Mayo, ndaiwononga!" Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Kusekako kunandilimbitsa mtima, ndiye ndinawonjezera kuti aphunzitsi ena akale sangasinthe, ndi bwino makalasi a ana aang'ono aperekedwe kwa achinyamata. Bambo wina wa tayi analemba zimenezo. Pa nthawi ya chakudya anadzandigwira chanza n'kupempha nambala yanga.

Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata yonena kuti mphunzitsi amene sanakhoze mayeso a tabuleti asaphunzitse Sitandade 1 ndi 2. Sindinganene kuti lamulolo linachokera kwa ine ndekha, koma powerenga ndinawazindikira mawu anga. Mayi aja analemba mayesowo n'kulephera. Anawasamutsira ku Sitandade 6.

Tsiku lina pa buleki mayiwo anandipeza ndili ndekha muofesi ya aphunzitsi. Anakhala pampando moyang'anizana nane. Mphunzitsi wina wa ku Biwi amene anali pamsonkhano paja amapemphera nawo mpingo umodzi, ndipo anali atawafotokozera zonse.

"Ndamva kuti mumatha kundiyerekeza bwino," anatero modekha. "Tandionetsani nanenso ndiseke."

Ndinayang'ana pansi, pa nsapato zanga zopolisha.

"Amayi, sindinatchule dzina lanu."

"Inde, simunatchule. Munawauzanso kuti ndinakupemphani kuti mundiphunzitse?"

Anadikira pang'ono, n'kudzuka kupita ku kalasi yawo yatsopano.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita kwawo ku Kawale nditanyamula tabuleti m'chikwama. Ndinaima pageti nthawi yaitali ndisanagogode. Anandilandira ndi tiyi ngati palibe chinachitika, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinapepesa. Anangoti, "Ndamva. Yatsani chinthu chanucho."

Anaphunzira m'masabata anayi okha. Ankalemba sitepe iliyonse m'kope, ndipo Loweruka lachinayi anandionetsa njira yachidule yoonera ana amene akutsalira pa kuwerenga, imene ine sindinkaidziwa. Analembanso mayeso n'kukhoza, koma kalasi yawo inali itaperekedwa kale kwa wina. Anapuma pantchito akuphunzitsa Sitandade 6.

Chaka chotsatira, pamsonkhano wina, ndinapempha kuti mphunzitsi aliyense azipatsidwa womuthandiza payekha asanalembe mayeso. Akuluakulu anavomera, ndipo anandiwombera m'manja. Ndinali nditakonzeka kuwauza chimene chinandichititsa kupempha zimenezo, ndinali nditachilembanso papepala. Wotsogolera atafunsa ngati ndili ndi mawu ena, ndinayang'ana bambo wa tayi uja akumwetulira kutsogolo, ndinapinda pepalalo, n'kunena kuti ayi, ndamaliza.