A Kilo ndi Mawu Oti "Kwa Ine"

Apongozi anga amakonza masikelo. Kashopu kawo kali kuseri kwa mzere wathu wa ogulitsa mpunga ndi shuga, kachipinda kopapatiza kodzaza masipuling'i, mbedza ndi miyala yoyezera. Pamsika amadziwika kuti a Kilo. Ndinayamba kudziwana ndi iwo ndisanamuone mwana wawo. Anandiuza kuti sikelo yanga imaba magalamu 40 pa kilo, ndipo sindituluka nayo mpaka itasiya kuba.

Kutchalitchi akhala mkulu wa mpingo zaka 26, ndipo Lamulungu lililonse ndiwo ankatsogolera mawu a Chikhulupiriro, chapamtima.

Chaka chatha kunabwera abusa achinyamata. Anachotsa gome, anabweretsa magitala, mabenchi anawazunguliza ngati bwalo, ulaliki unasanduka zokambirana. Vesi likawerengedwa, aliyense amanena mmene akulimvera, kuyamba ndi mawu oti "kwa ine". Sindinama, ine zinandikomera. Tinali anthu 43, pa miyezi isanu ndi iwiri tinafika 130, ambiri a msinkhu wanga. Akazi anga analowa m'kagulu kolembanso Chikhulupiriro m'mawu atsopano.

Pepalalo anapita nalo okha kushopu, ine ndili pambuyo. A Kilo anavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Kwa ine, Yesu anauka mumtima mwanga."

"Mumtima mwako? Nanga manda aja?"

"Bambo, ena za manda zimawavuta. Tikufuna aliyense apezemo malo ake."

"Iwe, amayi ako tinawaika dzana lomweli. Ngati Ambuye anangouka mumtima mwako, amayi ako adzauka mwa ndani? Mtima wakowo ukadzaima, onse awiri athera pomwepo?"

Akazi anga anatuluka osatsanzika. Vuto linali loti panali patangotsala milungu itatu kuti mwana wathu abatizidwe, mdzukulu woyamba wa a Kilo, ndipo abusa ankafuna kuti iwo ndiwo awerenge pepala latsopanolo. A Kilo anati ngati ndi choncho sadzapondako.

Milungu imeneyo sindinakhazikike. Ndinkasiya katundu ndi anzanga kasanu pa tsiku n'kuthamangira kuseri. A Kilo nawonso sanali pamtendere. Sikelo imodzi anaimasula katatu, ilibe vuto. Tsiku lina ndinawaona atafika pageti pathu, anaima, kenako n'kubwerera.

Ndinayesa kutsitsa mtengo, monga timachitira pamalonda.

"Apongozi, mizere ilipo 12, yovuta ndi itatu yokha. Mukafika pamenepo mungotsokomola."

"Ndiye mwati nditsokomole pa kuuka kwa akufa, apongozi?"

Ndinaseka, iwo sanaseke.

"Magitala sindikuwakana. Bwalo lanulo sindikulikana, nkhope za anthu n'zabwino kuposa makosi. Koma ndikaima pamenepo sindikunena za m'mutu mwanga ayi. Ndikupereka mawu amene nanenso ndinachita kupatsidwa. Kamwanako mukakabatiza mu chiyani, m'maganizo a amayi ake?"

Ndinakawauza akazi anga. Anati bambo awo amaona Mulungu ngati mwala woyezera, ndipo anthu 87 amene abwera aja anali atathawa mawu ngati omwewo. Sankanama, anthuwo ndinawawerenga ndine.

Tsiku la ubatizolo nyimbo ziwiri zinatha a Kilo kulibe. Khosi linandipweteka ndi kucheuka. Pa yachitatu analowa, atavala jekete, thukuta lili kamukamu. Abusa anawapatsira pepala lija akumwetulira. A Kilo analipinda kanayi, kuliika m'thumba, n'kuyamba mawu akale aja. Achikulire khumi ndi mmodzi anawatsatira, ena onse anangoti duu. Akazi anga anayang'ana pansi, mwana ali m'manja.

Atafika poti "kuuka kwa thupi", mawu anawathera. Anayesa kawiri, osatheka. Achikulire aja nawo anaima, poti anazolowera kutsatira.

"Ndi moyo wosatha," anamaliza akazi anga, motsitsa.

Titatuluka panja akazi anga anawapeza bambo awo ataima pamthunzi.

"Musaganize kuti mwawina, bambo. Pepala lija ndikulifuna, Lachitatu kagulu kathu kakukumananso."

"Ndibwera nane, ndidzakhala kutsogolo. Tabwera naye kuno mdzukulu wangayo."