Phunziro Limene Linandimangitsa

Anabwera pa 6 Malichi 1959, ndili pabolodi pasukulu yathu ku Ntcheu. Sajeni wachikuda anagogoda chitseko chimene chinali chotsegula kale.

"Aphunzitsi, abwana akukufunani. Chokocho siyani."

Ndinapempha kuti ndimalize chiganizo. Anandilola.

Ndikulemba izi mu 1996, patebulo la mwana wanga Naomi ku Bordesley Green, kuno kwa Angerezi, chifukwa wanditopetsa nazo: "Adadi, lembani tisanaiwale."

Mlandu wanga unali phunziro. Ndinkauza ana kuti Angerezi ndi Apwitikizi analimbirana dziko lathu mpaka kudula malire pakati pa mudzi wa agogo anga, nyumba kuno, nkhokwe uko. Ndinkawauzanso za mfumu ya Angoni imene inakana kugonja, Angerezi n'kuiwombera.

Mzungu wondifunsa mafunso anali ndi chimfine.

"Wakutuma ndani? Apwitikizi?"

"Bwana, Apwitikiziwo ndinawanyoza kuposa inu."

Womasulira anaseka, ndipo anamutulutsa. Zotsatira zake, zibakera ndi makofi, zinatenga masiku atatu. Khutu langa lamanzere linapuma pantchito kuyambira pamenepo.

Kumsasa kumene anatitsekera tinatsegula sukulu. Kalaliki wina ankaphunzitsa masamu, ine mbiri, tikulemba pansi ndi khala. Tsiku lina ndikufotokoza za mfumu ija, ndinanena kuti inapita kokaphedwa itamangidwa manja. Pawindo panamveka mawu a msilikali wotilondera.

"Mwanama, aphunzitsi. Chingwe inachikana. Agogo anga anaona ndi maso."

"Ndiye lowani mutiphunzitse, achimwene."

"Ndili pantchito," anatero. Koma anaima pawindo pomwepo, mfuti ili paphewa, n'kufotokoza mpaka belu la chakudya linalira. Titamuwombera m'manja anatiopseza kuti atinenera.

Ananditulutsa pa 14 Juni 1960, atandipatsa buluku la munthu wina lolekeza m'mawondo. Mkulu wa msasa anandichenjeza kuti ndisakaphunzitsenso zija. Ndinadikira mpaka Lolemba.

Lero ndikukhala kwawo kwa amene ananditsekera, ndipo pabasi amandipatsa mpando. Naomi ndi nesi pachipatala ku Edgbaston. M'mawa uliwonse amandipeza nditavala kale jekete.

"Ndikuthamangira shifiti, adadi. Inu mukupita kuti?"

"Sindikudziwa."

Yankho limeneli limamudetsa nkhawa, poti iye anabadwa zitseko zili zotsegula. Kwa ine ndi yankho lokoma kuposa onse amene ndinaperekapo. Sabata yatha ndinakafika mpaka ku Nuneaton. Ndinamwa tiyi, n'kubwerera, ndipo panjira ponse palibe anandifunsa dzina.