Nsapato Yotsalira M'dimba la Apongozi

Chinali chaka cha 1971, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinkagwira ntchito ya zankhalango pa Phiri la Dedza. Ndinkayendera njira zotchinga moto pakati pa mitengo ya paini, kuona ngati udzu wamera kapena osaka mbewa ayatsa tchire. Pokwera chitunda panalibe mnzanga wondipitirira. Sindikudzitama, anthu ankadziwa.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chingerezi ndinali nacho chokwanira kumva akapitawo ndi kuwerenga zikwangwani. Pa za kuyenda ndinkadziwa mawu awiri, walk ndi run, ndipo ndinkaona kuti munthu wa miyendo iwiri safuna ena.

Mtsikana amene ndinkafuna kukwatira anali mwana wa ahedi a sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Chimbiya. Iyeyo anali atandilola. Amalume anga anali atakaonekera kale kwa amalume ake, koma yankho silinkabwera. Ochedwetsa anali ahediwo. Ankati mwana wawo, wodziwa kusoka pa makina ndi kuimba kwaya, sangakwatiwe ndi munthu wa m'tchire wonunkha utomoni. Mayi ake anali asanalankhulepo. Alongo awo, amalume ake aja, eni mbumba, ankadikira mawu a mayiwo.

Kenaka kunabwera uthenga woti ndikafike Lamulungu mapemphero akatha, ahedi akufuna kundiona. Ndinagula nsapato zakuda kwa Mmwenye pa boma, zoyamba m'moyo wanga zosakhala za kuntchito. Jekete ndinabwereka. Khadi la chipani ndinaliika m'thumba la thalauza, chifukwa masiku amenewo wopanda khadi basi sankakwera.

Ndinawapeza pakhonde, atavala tayi. Moni utatha anaimirira.

"Tisakhale pansi, bambo wa m'nkhalango. Tiyeni tichite stroll."

"Tikupita kuti, ahedi?"

"Kulibe."

"Nanga tikukatenga chiyani?"

"Palibe."

Kwathu munthu ankayenda kupita kumunda, kumsika, kumaliro. Woyenda wopanda kolowera tinkamufunsira kwa abale ake ngati mutu uli bwino. Koma ahedi anatengera khalidweli kwa azungu a kusukulu ya uphunzitsi. Lamulungu lililonse ankazungulira bwalo la mpira, kutsikira kumadimba, n'kubwerera, manja ali kumbuyo. A m'mudzi anazolowera, ankangoti ahedi akuwongola miyendo.

Tinanyamuka. Ine ndinayenda monga ndimayendera. Nditafika pa mitengo ya mapichesi kumapeto kwa bwalo ndinacheuka, ahedi ali kutali kumbuyo, ataima. Ndinabwerera.

"Imeneyo ndi stride," iwo anatero. "Kuponya miyendo ngati mwatumidwa kukanena maliro. Ine ndati stroll. Manja kumbuyo."

Ndinaika manja kumbuyo. Ndinachepetsa liwiro, koma mapazi ankamenyabe pansi mwamphamvu.

"Imeneyo ndi march. Kuguba asiyireni asilikali."

Apo ndinazindikira kuti ndili pa mayeso, ndipo ndikalephera mtsikana uja ndamutaya. Ahedi sankalola chamoyo chilichonse kudutsa osachipatsa dzina. Bambo wina wochokera kumowa ankabwera ali dzandidzandi. "Stagger. Nenani." Ndinanena. Bakha anawoloka njira akugwedeza kumbuyo. "Waddle. Nenani." Ndinanena, ngakhale ndinkaona kuti bakha si woyenera kumuwonongera Chingerezi. Nsapato zatsopano zija zinali zitayamba kundidya zidendene. Kuyenda pang'onopang'ono kumatopetsa kuposa kukwera phiri. Amene sanayesepo asatsutse.

Pofika kumadimba ndinali nditayamba kukhoza. Ndinkaponda, n'kudikira, n'kuyang'ana mitambo monga ankachitira iwo.

"Eya," anatero ahedi. "Mwina mukhoza kuphunzitsika."

Kanjira ka kumeneko kanali kopapatiza. Mbali ina kunali mpanda wa minga wotchinga mbuzi, mbali inayo ngalande, ndipo kutsidya kwa ngalandeyo mizere ya mbatata ya kachewere. Nditakweza maso ndinaona akazi awiri akubwera pakanjira komweko. Anali mayi ake a mtsikana uja, akuchokera kokaona wodwala kutsidya la dambo, mtsikanayo ali pambuyo ndi mbale m'manja.

Ana a masiku ano sadziwa izi. Mkamwini, ngakhale woyembekezera chabe, sankakumana ndi apongozi aakazi maso ndi maso panjira. Unkapatuka, kunjuta pambali, nkhope utatembenuza, mpaka adutse. Bambo anga anachita zimenezi mpaka imvi.

Ndinaima.

"Musaime," ananong'ona ahedi. "Zachikale zimenezo. Muvule chipewa, munene good afternoon, mudutse. Munthu wophunzira sathawira patchire."

Mayiwo nawo anali ataima, akuyang'ana pansi. Sanabwerere, sanapatuke. Ankadikira kuti aone.

Ndikamvera ahedi, ndanyoza mayi. Ndikapatuka, ndine munthu wa m'tchire uja ankanena. Sindinaganize nthawi yaitali, chifukwa ine ndinaleredwa. Kuminga sindikanalowa ndi jekete ya eni ake. Ndinalumpha ngalande. Ndinkayesa kutsidyako n'kouma, popeza chinali chilimwe. Dothi la m'dambo limanyenga. Ndinatitimira mpaka m'mawondo, kenaka n'kukhala pansi khwatha, pakati pa kachewere. Sindinadzuke. Ndinavula chipewa, ndinatembenuzira nkhope kumbali, ndipo ndinadikira monga mwa mwambo, madzi akuda akulowa m'matumba.

Mtsikana uja anaseka mpaka mbale kugwa.

"Bambo inu!" anafuula ahedi. "Nanga zimenezi ndi ziti?"

"Dzina lake munene ndinu, ahedi. Ine ndangochita."

Anaganiza ndithu, dzanja lili pachibwano. "Jump ikuchepa," anatero. "Imeneyi ndi plunge."

Mayi aja anadutsa osafulumira. Atafika pafupi ndi pamene ndinali anaima. Sanalankhule ndi ine, sizikanatheka. Analankhula ndi mwana wawo, mokweza kuti ndimve.

"Iwe, leka kuseka, tola mbaleyo. Uwauze alendowo kuti dimba alowamoli ndi langa. Mizere aphwanyayo adzabwere Loweruka adzaikonze. Khasu adzalipeza kunyumba."

Mtsikana analekadi kuseka, n'kubisa nkhope ku nsalu. Anamva chimene ndinamva ine. Munthu amene mwamukana simumuitanira kudimba kwanu. Wogwira khasu m'dimba la mayi ndi mkamwini.

Ahedi anamvanso. "Mayi, nkhaniyitu sitinamalize kukambirana."

"Inu pitirizani kuwongola miyendo, bambo," anayankha mayiwo. "Ine mawa ndikaonana ndi achimwene."

Anapita. Ndinazula mwendo wakumanja, unatuluka ndi nsapato. Ndinazula wakumanzere, unatuluka wokha. Ndinavula jekete, kuipachika pamtengo wa mpanda, n'kupisa mkono m'matope mpaka paphewa. Palibe. Ahedi anandilozera ndi chala malo oti ndifufuze, ndipo onsewo anali olakwika. Tinaileka.

Tinabwerera kusukulu, iwo manja kumbuyo, ine phazi limodzi m'nsapato, lina pansi. Ndinkamva akusekera m'mphuno. Pa mitengo ya mapichesi paja anandiyang'ana miyendo.

"Limp," anatero. "Nenani."

Ndinanena.

Pamsewu ndinapisa m'thumba kuti nditenge khadi, ndinapeza phala lokhalokha. Basi ndinaisiya ipite. Nsapato yotsala ija ndinaiika m'khwapa, ndipo kuchokera pa Chimbiya mpaka kuphiri ndinayenda wapansi, ndi stride yanga, popanda wonditchulira dzina lake.

Loweruka ndinapita kukakonza mizere. Ndinakonza yophwanyika, ndinawonjezanso ina imene sanandipemphe. Nsapato ndinaifunanso ndi khasu, sinaoneke. Yankho linafika kwa amalume, ndipo tinakwatirana mvula isanagwe.

Ahedi ankanditengabe Lamulungu lililonse ndikakhala pakhomo. Mawu a kuyenda anandiphunzitsa ambiri, ena ndaiwala. Mpaka kumwalira kwawo sanandiuzepo kuti stroll ndaikhoza. Ankangoti, "Mukufulumirabe." Apongozi anga aakazi ndinawapatukira njira zaka zonse, koma kuyambira tsiku lija ndinkayamba ndayang'ana poponda. Lero ndimayenda ndi ndodo, ndipo mkazi wanga amati bambo ake akanandiona akanakondwa, chifukwa tsopano ngakhale bakha amandipitirira.

Zimene ndinataya tsiku limenelo ndimazikumbukira bwino: nsapato imodzi, sokosi imodzi, khadi limodzi, khungu la zidendene zonse ziwiri, ndi thalauza imene sinayerenso. Apongozi anataya mizere iwiri ya kachewere, koma imeneyo ndinabweza. Jekete inabwerera kwa mwini wake ili bwinobwino.